Mapyuwa, POA kapena kalasi ya Literature? Zimene ndinauza mwana wa mlongo wanga asanalowe Giredi 10

Mlongo wanga wa ku Chawama anandiimbira foni usiku, ati achimwene bwerani mudzalankhule naye mwana wanu uyu, ine wandikanika. Nkhani yake, mtsikanayo wakhoza bwino Giredi 9, kusukulu amuika mu kalasi ya mapyuwa, ija yophunzira sayansi iliyonse payokha, iye akulira ati sakufuna, akufuna kalasi ya POA, ya akaunti ndi bizinesi, kumene kuli anzake. Amayi ake nawo anali atalengeza kale kutchalitchi ndi kumsika konse kuti m'nyumba mwawo mukutuluka dokotala. Ndiye ndinakwera basi Loweruka kupita kumeneko, ndipo zimene tinakambirana pakhonde paja ndaona kuti ndizilembe pano chifukwa Januwale aliyense nkhondo imeneyi imabuka m'nyumba zambiri muno mu Lusaka.

Ndiyambe ndi kuulula kuti ine ndine munthu wa mapyuwa amene mapyuwa anamumenya. Ndinalowa kalasi imeneyo ndi matama onse, kuyenda pabwalo la sukulu buku la fizikisi lili pachifuwa kuti aliyense aone, koma zotsatira za Giredi 12 zitatuluka munali 7 mu fizikisi, 8 mu ADMA, masamu aja apamwamba, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri masamu wamba omwe ndinkawadziwa bwino ndinapeza 6 chifukwa nthawi yonse ndinaithera kuthamangitsa ADMA amene samandifuna. Ndinakalembanso GCE, mayeso aja a obwereza, chaka chotsatira ndi ndalama za malemu bambo. So ngati muona kuti ndikukondera penapake, mwadziwa kumene kwachokera.

Tisanayerekeze makalasi timvane kaye za kawerengedwe ka ECZ, bungwe loona za mayeso muno mu Zambia, chifukwa makolo ambiri amangomva ati mwana wapeza mapointi 12 osadziwa kuti achokera kuti. Phunziro lililonse amapatsa giredi kuyambira 1 mpaka 9. 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 ndi 4 meriti, 5 ndi 6 kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa chabe, 9 ndiye wagwa. Mapointi amatenga maphunziro 6 amene wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, n'kuphatikiza magiredi ake, ndiye mwana wa mapointi 6 ndi uja wamenya 1 paliponse. Ochepa ndiye abwino, zili ngati mpikisano wothamanga. Ndipo pafupifupi koleji kapena yunivesite iliyonse ya nzeru imayamba kufunsa makirediti 5, Chingerezi chikhalepo, ndipo makosi ambiri masamu akhaleponso. 7 ija imaoneka ngati wakhoza koma pa fomu yofunsira malo ilibe ntchito. Ichi ndiye chinthu chimene ndimafuna munthu achigwire asanayambe kusirira dzina la kalasi.

Chingerezi, masamu ndi Civic Education palibe wozithawa, kalasi iliyonse zilimo. Kusiyana kumabwera pa zotsalazo.

Tiyambe ndi mapyuwa poti ndiwo amagonetsa anthu ndi njala. Apa fizikisi ndi phunziro palokha, kemisitiri palokha, bayoloje palokha, aliyense ndi giredi yake, ndipo m'masukulu ambiri amakuwonjezera ADMA, masamu aja apamwamba okhala ndi kalikyulasi. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mwana amene mutu wake unapangidwira zimenezi amatha kudzaza maphunziro 6 ake onse ndi Chingerezi, masamu, ADMA ndi masayansi atatu, osavutika ndi kuloweza madeti a History. Komanso akafika ku yunivesite ya UNZA zinthu zimamupepukira. Kuyambira kale pa Great East Road paja ofuna udokotala kapena uinjiniya amayamba ndi chaka cha Natural Sciences, chimene ana asukulu amangoti NS, mumakhala masamu, fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje, ndipo magiredi a chaka chimenecho ndiwo amanena ngati ukupita ku Ridgeway kukaphunzira udokotala kapena ayi. Munthu amene anakumana kale ndi kalikyulasi ku sekondale amalowa NS maso ali poyera, pamene mnzake akuyamba kumva mawuwo koyamba m'holo yodzaza anthu mahandiredi, aphunzitsi ali kutsogolo uko osakudziwa ndi dzina lomwe. Chimodzimodzi amene akuloza uinjiniya kapena za migodi ku yunivesite ya CBU ku Kitwe.

Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mapyuwa amafuna zinthu zitatu nthawi imodzi, mwana wokonda masamu ndi mtima wake, mphunzitsi amene amabweradi m'kalasi, ndi labu yokhala ndi zipangizo. Chimodzi chikasowa ndiye mavuto. Masukulu ngati David Kaunda muno mu Lusaka kapena Hillcrest ku Livingstone anakhazikitsidwa ndi cholinga cha sayansi ndi zaluso, ana amasankhidwa ndi mamakisi apamwamba, kumeneko nkhani ndi ina. Koma kumene ndinaphunzira ine, sukulu sinditchula, pulakitiko ya kemisitiri ya taitiresheni tinaichita kawiri kokha zaka zitatu zonse, chipangizo chake byureti imodzi anthu 8 kuizungulira ngati mbale ya nsima pamaliro, wina sanaigwireko mpaka tsiku la mayeso. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi m'masukulu ambiri a boma anadzaza kwambiri, zomwe ndi zabwino kuti ana abwerera kusukulu, koma zikutanthauza kuti mwana wochedwa kumva fizikisi palibe amene adzamudikire. Ndiye pamabwera tyushoni, ndipo tyushoni ya masayansi atatu ndi ADMA mwezi ndi mwezi kwa mayi wogulitsa tomato pa Soweto si masewera.

Manje pali njira yapakati imene anthu amainyoza popanda chifukwa, Science ija yophatikiza, ya nambala 5124. Umu fizikisi ndi kemisitiri zili pamodzi ndipo zimatulutsa giredi imodzi, bayoloje ndiye umalemba payokha. Silabasi yake ndi yopepukirapo kuyerekeza ndi mapyuwa. Ana ambiri amaganiza kuti ukangolowa yophatikizayi, imene amati kombaindi, ndiye za chipatala watsazika, bodza limenelo. Unesi umafuna makirediti 5 okhala ndi Chingerezi, masamu ndi sayansi, ndipo 3 ya mu 5124 imakulowetsa pamene 7 ya fizikisi ya pyuwa ikukusiya pageti. Ndikudziwa anthu amene anapita ku yunivesite ya zachipatala ya Levy Mwanawasa pa Chainama paja, ena ku koleji ya Evelyn Hone kukachita zamankhwala ndi za labu, atachokera mu kombaindi. Ngakhale NS yeniyeniyo alipo analowa ndi 5124, kungoti chaka choyamba anakhetsa thukuta kuposa anzawo. Kuipa kwake ndi komweko, maziko amakhala osaya, ndiye ngati mwana akulota uinjiniya weniweni ndipo masamu amamukonda, kumuika mu kombaindi ndi kumuchepetsa. Koma kwa mwana wapakatikati, amene sayansi amaimva koma osati mochita kuvina nayo, ine ndimati 5124 ndi bayoloje ndi fodya amene ali pamphuno, mapyuwa ndi wa mphepo.

Kalasi ya bizinesi, imene mwana wa mlongo wanga amaililira. Umu muli POA, ndiye kuti Principles of Accounts, ndi Commerce. Awiriwa amayendera limodzi koma khalidwe lawo ndi losiyana kutalitali. Commerce ndi kuwerenga ndi kumvetsa, za mabanki, inshuwalansi, masitolo, kutumiza katundu kunja, mwana amene anakulira pa kantemba kapena amathandiza amayi ake kuoda katundu ku Kamwala theka la zinthuzi amazidziwa kale, amangofunika mawu ake a Chingerezi. Ndi phunziro lothandiza kutsitsa mapointi. POA ndiye ina. Masamu ake si ovuta, kuphatikiza ndi kuchotsera basi, koma imafuna munthu wadongosolo. Ukasokoneza debiti ndi kirediti mu temu yoyamba ya Giredi 10, udzasokoneza mpaka Giredi 12 chifukwa chilichonse chimamangidwa pamwamba pa chinzake, leja, trayo balansi, mpaka balansi shiti imene ikakana kubalansa mu mayeso umatuluka thukuta la m'manja. Mwana wojomba, wa mawa ndidzakopera manotsi, POA imamutaya msanga kuposa fizikisi.

Chimene anthu sadziwa n'choti POA si chiphaso chokhacho cholowera akaunti. Ku makosi a akaunti a ZICA ndi ZCAS, ngakhale madigiri a bizinesi m'mayunivesite, chimene amayang'ana kwambiri ndi Chingerezi ndi masamu. Mwana wa mapyuwa atha kutembenuka n'kukachita akaunti bwinobwino, amangoyamba movutikira pang'ono. Koma wa POA amene sanakhoze sayansi sangatembenuke kukachita udokotala. Apa ndiye pali kusalingana kwa njirazi, zitseko zina zimatseguka mbali imodzi yokha. N'chifukwa chake ndimawauza a kalasi ya bizinesi kuti sayansi imene muli nayo musamaitenge ngati mlendo wodutsa, imenyeni kirediti, simudziwa mawa. Ubwino wina wa POA umene suoneka pa satifiketi, munthu amatuluka akudziwa kusiyanitsa ndalama ya bizinesi ndi ya m'thumba mwake. Tikadakhala ndi anthu ambiri otere tumashopu ta m'komboni sitikadamatseka pakatha miyezi itatu.

Ndiye kalasi imene imanyozeka kuposa onse, ya Literature, History, Geography ndi RE, phunziro la zachipembedzo. Kusukulu kwathu tinkaitcha kalasi ya otsala, Mulungu atikhululukire, chifukwa lero ena mwa otsalawo ndi maloya, amadutsa pa galimoto ine ndili pa sitesheni ya Kulima Tower kudikira basi idzaze. Kalasi iyi ndi ya mwana wokonda kuwerenga ndi kulemba, uja amene mukamutuma kukagula makala amabwera ndi nkhani ya masamba atatu. Literature imafuna kuwerenga mabuku onse amene asankhidwa, osati kungodalira manotsi a mnzako, ndipo imanola Chingerezi, chomwe ndi phunziro lija lolowa mu mapointi ufune usafune. History ndi maese, dzanja limachita kuwawa, za kuno ku Central Africa, za ku South Africa, ndi nkhondo za ku Ulaya. Geography ili pakatikati, muli mamapu ndi kuwerengera pang'ono komanso pulojekiti yopita kukafufuza kunja kwa kalasi, ndiye imagwirizana ndi mwana wa mbali zonse ziwiri. RE ilipo mitundu iwiri, 2044 ndi 2046, sukulu ndiyo imasankha, ndipo 2046 imatsamira kwambiri pa ndime za m'Baibulo moti mwana wokulira ku Sande sukulu amangokolola. Ambiri amene amapeza mapointi ochepa RE imakhalamo mu 6 yawo, musaiderere.

Kumene imapita njira iyi ndi zamalamulo, uphunzitsi, utolankhani, za boma ngati zimene amaphunzitsa ku NIPA, ndi makosi a Humanities ku UNZA. Koma ndinene zoona ziwiri zowawa. Choyamba, ulendo wa uloya ndi wautali, ukamaliza digiri pali ZIALE, sukulu yopezerako chilolezo cha uloya, ndipo aliyense mu Lusaka anamvapo mmene mayeso a kumeneko amagwetsera anthu. Chachiwiri, ana ambiri amathawira mu kalasi iyi osati chifukwa chokonda mabuku koma chifukwa choopa masamu, kuiwala kuti masamu awatsatira komweko. Ndawaona ine ana a mapointi abwino, 1 mu History, 1 mu RE, 2 mu Lit, koma masamu 9, akuzungulira ndi envulopu ya khaki kuchoka koleji iyi kupita iyo, kulikonse akuwabweza, ngakhale uphunzitsi wa pulaimale womwe. Mapeto ake ndi GCE, kulipira senta, kulipira phunziro, chaka chathunthu chapita.

Pang'ono za Chinyanja, poti ndife a kum'mawa. Masukulu ena amachipereka ngati phunziro ndipo ana athu amachithamangira ati ichi ndiye chaulere. Ayi ndithu. Chinyanja cha pa mayeso si ichi cha mu basi cha manje so, vinthu vambiri, nifuna. Amafuna chakumudzi chenicheni, miyambi, zining'a, galamala, mabuku, ndi kalembedwe kovomerezeka kuno ku Zambia kamene kamalemba c pamene ambiri timalemba ch. Mwana amene tchuthi chilichonse amapita kwa agogo ku Katete kapena ku Chadiza atha kumenya 1 mosavuta. Wobadwira ku Matero amene sanaonepo nkhokwe aganize kawiri.

Zatsala ndi za manja, zimene silabasi ya 2013 inazipatsa njira yakeyake pambali pa ya maphunziro a m'buku. Muli Design and Technology, Food and Nutrition, Fashion and Fabrics, Agricultural Science, kompyuta, zojambula, nyimbo ndi zamasewera. Makolo a muno m'tauni akangomva kuti mwana ali mu kalasi yophika nkhope imagwa, ati ndakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire kukazinga mazira? Koma tayendani pa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga muone mageti ndi mafelemu a mawindo amene anyamata akuwotcherera pamenepo, mufunse mtengo wa geti imodzi, kenako mufunse mwana wa digiri amene wakhala pakhomo zaka zitatu kuti mwezi uno wagwira zingati. M'masukulu ena a njira imeneyi mwana amatha kulembanso mayeso a TEVETA, bungwe la maphunziro a zaluso, n'kutuluka ndi pepala la luso pambali pa satifiketi ya ECZ, ndipo masiku ano kuli mabasare a CDF, ndalama zija za boma za chitukuko cha m'madera, olipirira achinyamata maphunziro a zaluso. Wa Agric ali ndi koleji ya zaulimi ya NRDC pafupi pompano. Maphunzirowa alinso ndi mbali yaikulu ya pulakitiko, ndiye mwana amene pepala limamuvuta koma manja ake ndi anzeru amapezako giredi yabwino yotsitsa mapointi.

Vuto lake ndi ndalama ndi zipangizo. Pulakitiko ya Food and Nutrition nthawi zambiri zogula zimagwera kholo, nsalu za Fashion chimodzimodzi, ndipo kompyuta yophunzira pa bolodi ndi choko, malodi shedingi ali pakati, ndi dzina chabe. Musanavomere pitani mukaone ndi maso wekishopu kapena khitchini ya sukuluyo. Ngati makina anafa kalekale ndipo mukugona akangaude, njira imeneyo pa sukulu imeneyo kulibe, ngakhale italembedwa pa chikwangwani cha pageti.

Wina afunsa kuti nanga mwana amasankha yekha? Kunena zoona m'masukulu ambiri a boma amangokuika malinga ndi mamakisi a Giredi 9, apamwamba ku mapyuwa, otsatira ku bizinesi, choncho mpaka pansi. Koma masabata oyambirira mpata wosintha umakhalapo, kholo likapita mwaulemu kukaonana ndi aphunzitsi a gaidensi kapena a dipyute. Mukadikira mpaka temu yachiwiri mwachedwa, anzake apita patali ndipo POA kapena ADMA sungayambire pakati. Safunsa anadya phula. Ndipo amene muli ndi ana ang'onoang'ono dziwani kuti zinthu zasintha, silabasi yatsopano inayamba mu 2025 ndi Fomu 1, sekondale tsopano ndi Fomu 1 mpaka 4 kenako Fomu 5 ndi 6 ya A Level, ndipo njira mwana amailowa koyambirira kwa sekondale, ali wamng'ono kuposa awa a Giredi 10. Mayina a makalasi asintha koma mutu wa mwana wanu ndi womwewo, ndiye mafunso ake ndi omwewa.

Ine maganizo anga, ndipo ena mukwiya, ndi oti pepala la zotsatira za Giredi 9 limanena zoona kuposa maloto a kholo. Osayang'ana total yokha, yang'anani masamu payokha, sayansi payokha, Chingerezi payokha. Mwana amene total yake yakwera chifukwa cha Social Studies ndi RE koma masamu anangodutsa pang'ono, kumuika mu mapyuwa ndi ADMA ndi kumusenzetsa thumba la simenti kuti anthu a kutchalitchi aombe m'manja. Koma winanso amene masamu ndi sayansi anamenya bwino ndipo akuthawa mapyuwa chifukwa chongofuna kukhala desiki imodzi ndi mnzake, ameneyo musamulekerere, chifukwa chitseko chimene akutseka ndi chija chosatsegukanso mophweka, mnzakeyo mwina chaka chamawa adzasamukira ku Ndola.

Ndiye pakhonde paja ndinamuuza mtsikanayo kuti abweretse pepala lake. Masamu anakhoza bwino kwambiri, kuposa mmene ndinakhozera ine nthawi yanga. Sayansi inali pakatikati. Business Studies ndiye inali pamwamba pa zonse. Ndinamufunsa kuti iwe, anzako aja atachoka mu kalasi ya POA ungaifunebe? Anakhala chete kaye, kenako ati amalume ine magazi ndimaopa, tsiku lija amayi anadzicheka ndi mpeni ndinathawira kuseri kwa nyumba, koma buku la nkhongole za pa kantemba ndimalemba ndine kuyambira Giredi 6. Amayi ake anati aseke, anati akwiye, kenako anavomera kuti n'zoona, ndipo chiyambire mwanayo kugwira bukulo palibe kasitomala amene anawathawa ndi ndalama.

Lolemba m'mawa tinapita tonse atatu kusukulu. Aphunzitsi a gaidensi anayang'ana pepala, anayang'ana mwana, ati malo mu kalasi ya bizinesi alipo koma mwana wa masamu otere ndi wosafunika kumutaya, ngati taimutebo ilola azikalowa nawo ADMA ndi a mapyuwa. Mlongo wanga anangofunsa funso limodzi, ati nanga wa akaunti amavalanso chovala choyera chija? Aphunzitsi anaseka mpaka kugwira tebulo. Potuluka anandikoka dzanja pageti n'kundinong'oneza kuti achimwene, kutchalitchi mukanene ndinu, ine ndiye sindingathe.